Ondatrópica: kukoma kwa zakale kuli mu tepi kapena mwa anthu?

Abale a m'gulu, sabata ino ndapatuka pang'ono pa mabuku, ndikufuna tikambe za chimbale. Dzina lake ndi Ondatrópica, chinatuluka mu 2012, ndipo ndi cha ku Colombia. Anthu amachitama kuti chinadzutsa cumbia, nyimbo zamakolo za dzikolo, ndi kamvekedwe kake kakale. Funso langa nali: chimene chinadzutsidwa kwenikweni n'chiyani, makina akale kapena luso la anthu ake?

Kwa amene simunaimvepo, cumbia inabadwira kumpoto kwa Colombia, m'mbali mwa nyanja ya Caribbean ndi m'midzi ya m'mphepete mwa mtsinje wa Magdalena. Ng'oma zake zinachokera kwa akapolo a kuno ku Africa, zitoliro n'za eni nthaka, mawu amaimba m'Chisipanishi. Pali kang'oma kotchedwa llamador komwe sikasintha kagundidwe, ndi kandodo ka manomano kokhwekhweretsa kotchedwa guacharaca. Ziwirizi ndizo msana wa nyimbo. Siithamanga ayi, imayenda ngati munthu wokoka phazi pansi.

Ondatrópica si bandi yoti anthu ake anakulira limodzi. Ndi gulu lomwe linasonkhanitsidwa mu situdiyo ndi anthu awiri, Mario Galeano wa ku Bogotá ndi Will Holland wa ku Britain, yemwe amadziwika kuti Quantic. Kumayambiriro kwa 2012 anaitana oimba oposa 40 ku Medellín, mu situdiyo ya Discos Fuentes, kampani yomwe inayamba mu 1934 n'kutchukitsa cumbia m'maiko ambiri. Anajambula pa tepi ngati kale.

Apa m'pamene ambiri amathera: tepi, tepi. Ine sindikhutira nazo. Ife ogulitsa kaunjika timadziwa kusiyana kwa jinzi yong'ambika chifukwa chovalidwa ndi jinzi yong'ambidwa dala ku fakitale kuti ioneke yakale. Zonse zimagulidwa, koma yachiwiriyo ndi fashoni basi. Nyimbo nazo n'chimodzimodzi. Kafuwefuwe ka tepi aliyense wandalama atha kukagula. Chikanakhala kuti Galeano ndi Holland anangobwereka makina akale n'kuimba okha, bwenzi ili jinzi ya ku fakitale.

Chimene chinawapulumutsa n'choti anakatenga eni ake. Muli Aníbal Velásquez ndi akodiyoni yake yothamanga ngati yathawa moto, Michi Sarmiento pa lipenga la sakisofoni, Pedro Ramayá Beltrán pa chitoliro cha bango, Fruko, komanso Alfredito Linares wa ku Peru pa piyano. Awa si ophunzira zakale, iwowo ndiwo akalewo. Mukamvetsera bwino mumva kuti anthuwa akumverana: malipenga akulowa pamodzi koma aliyense ndi mpweya wake, ng'oma ikukankha pang'ono, wina akuibweza. Zimenezi sizichokera mu tepi. Zimachokera kwa anthu amene aimba zaka zambiri ndipo akudziwa nthawi yosiyira mnzawo malo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mukulimva dengalo likunyamulidwa.

Koma chimbalechi chili ndi zofooka zake. Choyamba, chimafuna kusangalatsa aliyense. Muli cumbia, muli salsa, muli rapu ya Ana Tijoux wa ku Chile, muli mawu okoma a Nidia Góngora wochokera ku gombe la Pacific. Chilichonse pachokha n'chabwino, koma ukamva chonse nthawi imodzi zimakhala ngati benchi yomwe mwini wake waikapo tomato, nsapato ndi mabatire. Ndiye pali "I Ron Man", nyimbo ya bandi ya ku England ya Black Sabbath yomwe anaitembenuza kukhala cumbia. Imaseketsa ndithu ukaimva koyamba, koma kwa ine ndi nyambo yokolera makutu a azungu.

Chachiwiri ndi mawu aja oti "kudzutsa". Kodi cumbia inafa liti? Ku Mexico amavina mpaka lero, ku Peru anaiika magitala n'kuitcha chicha, ku Argentina achinyamata a m'makomboni ali ndi yawo. Osauka sanaisiyepo. Amene anali ataiiwala ndi ophunzira a m'tauni omwe ankaiona ngati ya anthu wamba. Tsono onani njira yomwe ulemu unabwerera: ntchitoyi inathandizidwa ndi British Council, chimbale chinatulutsidwa ndi Soundway ya ku Britain, ndipo gululi linakaimba ku London m'chaka cha masewera a Olympics. Eti agogo ako ayambe atamandidwa ndi alendo kuti iwe uwapatse mpando? Izi zisatiseketse, kwathu kuno timazidziwa.

Chigamulo changa n'chakuti chimbalechi n'choyenera kumva, makamaka nyimbo zomwe achikulire aja akutsogolera. Phindu lake lenileni n'loti nkhalambazo zinajambulidwa zikadali ndi mphamvu, pamodzi ndi ana oti aphunzire kwa izo. Tepi ndi mbale chabe, ndiwo ndi anthuwo.

Kachifufuzeni pa YouTube, mumve nyimbo zitatu kapena zinayi, kenako mundiuze: ndalakwira "I Ron Man" kapena ndanena zoona?