Mbiya ya Agiriki ndi Mtsuko wa M'nkhani Zathu

Ife alembi a ku Malawi tili ndi chizolowezi chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa. Tikafuna kuonetsa kuti nkhani yathu ndi ya kumudzi, timasenzetsa namwali mtsuko, basi. Mtsukowo sugwira ntchito ina iliyonse m'nkhanimo. Uli ngati duwa lapulasitiki patebulo. Nanenso ndinkalemba choncho mpaka pamene ndinawerenga za mbiya za vinyo za Agiriki akale. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Agiriki sankamwa vinyo wosasungunula, poti kutero ankakuona ngati khalidwe la anthu osachangamuka. Amuna akasonkhana kuti amwe, pakati pawo ankaikapo mbiya yaikulu yotchedwa krater, momwe ankasakaniziramo vinyo ndi madzi. Ankasankha mmodzi woti alamule kuchuluka kwa madziwo ndi kamwedwe kake. Ankayamba ndi kuthira nsembe kwa milungu yawo, kenaka n'kumaimba ndi kukambirana mosinthana. Mbiyayo ndiyo inkasunga mwambo wa gululo.

Yotchuka mwa mbiya zimenezi anaiumba Euxitheos, naijambula Euphronios, cha m'ma 515 Khristu asanabadwe, ndipo onse awiri analembapo mayina awo. Mu 1972 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Metropolitan ku New York inaigula pa madola pafupifupi miliyoni imodzi, koma mu 2008 inabwezedwa ku Italy zitadziwika kuti inachita kubedwa m'manda ku Cerveteri.

Nditawerenga zimenezi, maganizo anga anathamangira kwathu ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, kumene agogo anga aakazi anali ndi mbiya yawo ya mowa. Patsiku la mowa mbiyayo inkakhala pakati. Agogo ankayamba kulawa pamaso pa onse kuti pasakhale wokayika. Akulu ankadontheza pang'ono pansi pokumbukira amene anatsogola, kenaka chipanda chinkayenda motsata ukulu. Wokakamira chipanda ankadzudzulidwa pomwepo. Lamulungu likafika, anthu omwewo ankapita ku Chipyela, m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903, kukagwadira chikho chimodzi cha vinyo wothira madzi pang'ono. Kumwera pamodzi m'chiwiya chimodzi sikunali kwachilendo kwa iwo.

Kodi nanga mbiya ziwirizi zikusiyana pati? Ena anganene kuti ya Agiriki ili ndi zithunzi za anthu pomwe yathu ili ndi mizere chabe. Zoona, ndipo luso la Euphronios sindikulichepsa. Koma kusiyana kwenikweni n'kwakuti iwo anasiya mayina ndi mabuku ofotokoza kamwedwe kawo, pomwe oumba athu, amene ambiri ndi amayi, palibe anawalemba. Katswiri wofukula zakale K.R. Robinson atapeza mapale ku Nkope, m'boma la Mangochi, m'zaka za m'ma 1960, kaumbidwe kameneko kanangotchedwa dzina la malowo. Manja amene anakanda dothilo sakudziwika. Ngakhale ine sindinafunse agogo kuti mbiya yawo anaumba ndani, ndipo lero ofunsa kulibe.

Apa ndipo pagona mlandu wathu. Masiku ano ndowa ndi zigubu zapulasitiki zalowa m'malo mwa mbiya m'makomo ambiri, ndipo womwa amagwira botolo lakelake popanda womudzudzula. Mlembi sangaletse zimenezi, komanso sindikuti kumowa kwa kale kunalibe ndewu. Chomwe angathe n'kulemba mbiya ili pantchito: anaiumba ndani, dothi analitenga kuti, anayamba kumwa ndani, analumphidwa ndani, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Munthu wolumphidwa chipanda pagulu ndi nkhani yathunthu payekha.

Tsono alembi anzanga, musanamusenzetsenso namwali uja mtsuko, yambani mwapita kwa mayi woumba wa m'mudzi mwanu mukamufunse dzina.