Khungu la ola limodzi

Mwana wa achemwali anga atakwanitsa zaka 9, makolo a anzake akusukulu kuno ku Brackenfell anatikopa kuti phwando lake likhale lodyera mumdima. Tinatseka makatani, kuzimitsa magetsi, n'kumanga ana nsalu kumaso. Achemwali anaseka: "Mdima womwe tinkaudandaula ku Ndirande uja, lero wasanduka mphatso?"

Ganizo lenilenilo si lachibwana. Malo odyera a Blindekuh anatsegulidwa ku Zurich mu 1999, a Dans le Noir? ku Paris mu 2004. Kumeneko operekera chakudya ndi anthu osaona. Mlendo amagwira phewa lawo, iwo n'kumutsogolera kumpando, ndipo woonayo ndiye amasanduka mwana. Ife tinatengako mdima wokha, aphunzitsi ake tinawasiya.

Ana anataya zakumwa, wina analira, kenaka mwini phwando anati, "Anti, anthu osaona ndi omvetsa chisoni eti?" Zinandiwawa. Ola limodzi lija linamuphunzitsa mantha, osati luso la mwana wa pasukulu ya osaona ya Chilanga ku Kasungu, amene amawerenga Braille ndi zala.

Poti ntchito yanga ndi yomasulira, mawu amandikola: m'Chichewa khungu ndi kusaona, khungunso ndi lomwe timakhudzira zinthu. Nsima itafika, mwana wathu anatema mbamu, n'kupeza ndiwo ndi chala, osadontheza msuzi, anzake akufufuzabe mafoloko. Sanadziwe n'komwe kuti wachita kanthu, ndipo patebulopo panalibe munthu wosaona woti amuuze.