Makutu a Kalulu m'makope a ana

Tsegulani kope la mwana wa sitandade 4 ku Mponela kapena ku Malomo, muone masamba akumapeto. Mupezamo Tom ndi Jerry, Mickey Mouse, mwinanso Bugs Bunny ali ndi karoti kukamwa. Ambiri mwa anawa kwawo kulibe TV. Amaonera pafoni ya achimwene awo, ndipo chithunzi chokopera amachipeza pachikwama cha mnzawo kapena pamalaya a kaunjika.

Kukopera sindikutsutsa, aliyense amayambira pomwepo. Chimene chimandidandaulitsa ndi kayambidwe kake. Mwana amayambira kukhutu, n'kumatsata mzere wa m'mphepete mpaka kuphazi. Chithunzicho chimafanana ndithu, koma muuzeni kuti Jerry acheuke, pensulo imaima.

Akatswiri ojambula makatuni sayambira m'mphepete. Amayamba ndi mzere umodzi wokhota, wosonyeza kumene thupi lapendekera, kenako amaikapo zozungulira za mutu ndi mimba. Maso ndi ndevu zimabwera pomaliza. Mutu wa Mickey, amene Walt Disney ndi Ub Iwerks anamutulutsa mu 1928, ndi zozungulira zitatu basi, ndipo makutu ake amakhalabe ozungulira ngakhale atembenukire kumbali. Mbewa yotero kulibe, anyamata osaka mbewa m'chilimwe angakuuzeni, koma makutuwo ndi amene amamudziwitsa ngakhale atangooneka mthunzi wokha. Zala ali nazo zinayi. Sekondi imodzi ya filimu inkadya zithunzi 12 mpaka 24 zojambula pamanja, tsono kuchotsa chala chimodzi kunali kupeputsa ntchito.

Nzeru yochepetsa chonchi si yachilendo ku Dowa. Za kudambwe sindizikhudza, ndikunena zimene aliyense amaona pabwalo. Kasiyamaliro akatulukira chakumadzulo, palibe amene amawerenga ubweya kapena ziboda. Msana wolowa pakati, mutu wokwezeka ndi kazunguliridwe kake zimakwanira kuti ndi mwana yemwe amuzindikire ali kutali. Mwana amene wakula akuona zimenezi ali nalo kale diso la ntchitoyi, kungoti palibe anamuuza.

Pa Kalulu ndiye pamandiwawa. Aphunzitsi akati jambulani Kalulu wa m'nthano, pamatuluka Bugs Bunny, wamtali, wamagolovesi, wamwano. Bugs anabadwira ku Warner Bros. mu 1940 ndipo amapambana ndi pakamwa. Kalulu wathu ndi wamng'ono, amagwada pamaso pa Njovu, amayankha kuti "wawa mfumu" uku akuganiza zowapusitsa. Wojambula ayenera kuonetsa ulemuwo ndi chinyengocho nthawi imodzi, ndipo Bugs sangamuthandize. Anzathu a ku Nairobi popanga makatuni a Tinga Tinga Tales mu 2010 anatengera kajambulidwe ka Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania, nyama zawo zinaoneka zakwawo.

Kalulu weniweni sasowa m'minda ya m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Miyendo yakumbuyo ndi yaitali kuposa yakutsogolo, maso ali m'mbali mwa mutu, nsonga za makutu n'zakuda. Ndikadakhala mphunzitsi wa Expressive Arts ndikadayambira pa makutuwo: onse awiri ogona pamsana pamene Kalulu akulonjera Njovu, limodzi n'kudzuka pang'ono Njovu akangotembenuka.