Woyimba wokhala duu pansanja

Pa 5 Meyi 1965, ku Brandeis University m'dziko la America, wopeka nyimbo Alvin Lucier anakhala pampando pamaso pa anthu. Anamumata timawaya m'mutu, iye n'kutsinzina. Sanagwire choyimbira chilichonse. Patapita kanthawi, ng'oma ndi zitsulo zimene anazimwaza m'chipindamo zinayamba kunjenjemera n'kumalira zokha. Nyimboyo anaitcha Music for Solo Performer, ndipo ofotokoza mbiri ya kuyimba ndi ubongo amakonda kuyambira pamenepo.

Ubongo umatulutsa timagetsi tochepetsetsa, timene dokotala wa ku Germany Hans Berger anayamba kutijambula mu 1924. Munthu akatsinzina n'kukhazika mtima pansi, timagetsi ta kunkhongo timabwera ngati mafunde, pafupifupi 10 pa sekondi, ndipo amawatcha alpha. Khutu silingawamve chifukwa ndi otsika kwambiri. N'chifukwa chake Lucier anawakuza ndi makina n'kuwatumiza m'masipika ogunditsidwa ku zikopa za ng'oma: sipika ikagwedezeka, chikopa chinkayankha. Iye akangotsegula maso kapena kuyamba kulingalira mwamphamvu, kunkati zii.

Ndimailemekeza nyimbo imeneyi chifukwa sinanamize anthu. Owonera ankaona timawaya tikumatidwa, ankaona munthu akuyesetsa kusaganiza kanthu, ankaonanso chikopa chikunthunthumira. Komabe tisaiwale kuti tsikulo wopeka nyimbo mnzake John Cage ndiye anakhala pa makina n'kumasankha sipika yoti ilire, ndi mokweza bwanji. Ubongo unkangopereka mphamvu. Zala za munthu wina ndizo zinkaumba nyimboyo.

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife a kunyanja kuno. Senga Bay yaona oyimba ambiri. Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda inachitikapo kangapo pa Sunbird Livingstonia Beach, ndipo Lake of Stars inabwera ku Kabumba Hotel mu 2018. Anthu ovina pamchengapo samangomvetsera ndi makutu okha. Amayang'ana dzanja la wa gitala, amaona ndodo ikukwera isanagwe, thupi n'kukonzekeratu. Kumidzi ya kumtunda, pabwalo la gule wamkulu, n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Woyimba mbalule, ng'oma ataiwotha pamoto mpaka chikopa kukungika, amasendera pafupi ndi gule, maso ali pamapazi. Gule akapalasa fumbi, mbalule yayankha kale. Akati aime, nayo yadula pomwepo. Sipakhala mpata pakati pa phazi ndi dzanja, ndipo khamu limaona zonse ziwiri.

Makina owerenga ubongo sangafike pamenepo, ndipo woyimba amene angawabweretse pansanja ayenera kuvomereza zimenezi asanayambe. Makinawo amafuna masekondi angapo kuti atsimikize chimene munthu wasankha, pamene wovina sangadikire ngakhale theka la sekondi. Komanso timagetsi ta ubongo timamizidwa msanga ndi ta minofu. Kuphethira, kuluma mano, kugwedeza mutu motsatira ng'oma, zonsezi zimasokoneza. Thukuta nalo limasokoneza, ndipo amene anakhalapo ku Salima mu Okutobala akudziwa kuti thukuta silipemphedwa. Ndiye woyimbayo ayenera kukhala duu pamalo pamene aliyense akudumpha. Chimene ndimaopa ndi ichi: munthu wavala chipewa cha mawaya, kumbuyo kwake kukuyaka zithunzi za ubongo, pamene laputopu ikuliza nyimbo yojambulidwa kale. Owonera alibe njira yodziwira ngati mutuwo ukuchitadi kanthu. Kumeneko n'kuwabera anthu amene alipira pakhomo.

Njira yabwino inaonekera ku London mu 2015. Eduardo Miranda, wopeka nyimbo wa ku Brazil amene amaphunzitsa ku Plymouth University, anapita ndi nyimbo yake Activating Memory ku Royal Hospital for Neuro-disability. Odwala anayi, ofa ziwalo kwambiri, anakhala limodzi ndi oyimba anayi a zoyimbira za zingwe. Wodwala aliyense anali ndi zidutswa zinayi za nyimbo patsogolo pake, chilichonse ndi kanyali kophethira pa liwiro lakelake. Akayang'anitsitsa kanyali kamodzi, ubongo wa kunkhongo unkatsatira liwiro lomwelo, makina n'kuzindikira, ndipo chidutswacho chinkaonekera pa sikirini ya woyimba wake kuti achiyimbe nthawi yomweyo.

Miranda sanawasenzetse makina katundu woposa msinkhu wawo. Anawapatsa ntchito yosankha yokha. Kugunda, kukoka uta ndi kukometsa mawu anazisiya m'manja mwa anthu. Ndipo wosankhayo anali munthu amene analibe njira ina yolowera m'nyimbo. Kuno kwathu tili nawo oyimba amene sitiroko inawalanda dzanja kapena lilime koma khutu ndi nzeru zili gwa. Wotere akudziwabe pamene kolasi iyenera kubwerezedwa, pamene malipenga alowe, pamene wa besi atsale yekha anthu apume. Imeneyo ndi ntchito ya mtsogoleri wa gulu, ndipo imalola masekondi amene makina amafuna, chifukwa chisankho chimapangidwa ndime yapitayo isanathe.

Gulu lofuna kuyesa zimenezi ku Senga Bay liyambe dzuwa litapendeka, kuti tinyali tizioneka bwino komanso thukuta lichepe. Mtsogoleriyo akhale kutsogolo, moyang'anana ndi anzake, osati pakona pafupi ndi mawaya a magetsi. Zosankha zake zinayi zionetsedwe pa sikirini yaikulu kuti khamu lizione chimene wasankha gulu lisanachiyimbe, monga limaonera phazi la gule mbalule isanalire. Akalakwitsa kapena makina akachedwa, asabise: wa ng'oma agwire liwiro, gulu libwereze ndimeyo mpaka chisankho chifike.