Chikondadzuwa, Mpesa wa ku Alexandria

Lira mbalule, vomera mpanje, lero tikutamanda mpesa!

Inu Muscat wa ku Alexandria, nkhalakale ya m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean! Inu Mainambiri: ku Italy akuti Zibibbo, ku Spain ndi ku Portugal akuti Moscatel, ku Cape akuti Hanepoot, ku Australia akuti Gordo Blanco. Inu kholo la Muscat Hamburg, mwabala mwana wakuda bii, inu muli woyezuka, koma fungo la kwanu sanalitaye. Ndinu, ndinu!

Inu Chikondadzuwa, mdani wa chisanu! Kuzizira kukakupezani mukuchita maluwa mumayoyola, phava n'kutsala lapatalipatali. Masamba akawirira, nkhungu yoyera ngati phulusa imakugwirani, ndiye mlimi amapatulira masamba kuti mphepo idutse, amawaza salufa, sagona tulo. Inu Mchedwakupsa! Anzanu athyoledwa kale, inu mudakamwabe dzuwa, mpaka zipatso zanu zikuluzikulu, zotalikirapo, zanthanga m'kati, zitasiya kubiriwira n'kuvala golide. Ndinu, ndinu!

Inu Mgwadiramphepo wa ku Pantelleria, chilumba cha miyala ya chiphalaphala pakati pa Sicily ndi Tunisia! Kumeneko simuyanga pa thandala. Amakudzalani m'kadzenje, amakudulirani mukhale wamfupi, mphepo ya panyanja idutse pamwamba, chinyezi chisungike kunsi. Mwagwada koma simunagonje, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO lidaika kalimidwe kameneka pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ndinu, ndinu!

Inu Mphatsozitatu! Yoyamba ya m'kamwa: kukuluma kokha, madzi otsekemera tsaa, fungo la maluwa a malalanje guu m'mphuno. Yachiwiri ya pa dzuwa: ku mapiri a Axarquía, kufupi ndi Málaga, nyulu zimakusenzani m'zitunda zotsetsereka, anthu n'kukuyanikani, kukutembenuzani ndi manja, mpaka musanduke mphesa zouma zosunga chaka. Yachitatu ya m'chikho: vinyo wa Passito wa ku Pantelleria ndinu, vinyo wotsekemera wa ku Setúbal ndinu, ku Chile mumalowa m'kachasu wawo wa Pisco, ku Cape amayi amakuphikani jamu. Ndinu, ndinu!

Wothamanga sakudziwani, wothyola zosapsa amalawa zowawasa n'kumanyoza mtengo. Inu mumapatsa wodikira, amene wapirira nanu kutentha mpaka kumapeto kwa chilimwe. Alimi a mphesa imirirani, madengu pamutu! Amayi nthungululu, anyamata manja, ng'oma isaleke: mpesa wapsa, thyolani tidye!