Manja Odziwa Kufutsa

Mwezi wa Malichi ndiwo zamasamba zimachita kusefukira. Nkhwani watambalala pakati pa chimanga, khwanya ndi chitambe zili biriwiri, bonongwe wamera yekha kuseri kwa khola. Mayi wodziwa ntchito yake sanyengeka nako kuchulukaku. Maso ake ali pa Okutobala, pamene dzuwa lidzakhale litawaula tchire lonse ndipo masamba aawisi adzapezeka kwa okhawo a madimba. Ndiye amayamba kufutsa.

Luso limayambira pothyola. Pa nyemba amatengapo masamba ochepa pa phando lililonse kuti mbewuyo ibereke bwino. Pa dzungu amasiya nsonga kuti ipitirire kuyanga, amasiyanso tsamba limene laphimba kadzungu kanthete. Akafika kunyumba amakhala pamphasa n'kuyamba kusadzula. Amathyola phesi la nkhwani pang'ono, chala chachikulu n'kugwira ulusi waminga uja, kuukoka mpaka m'mitsempha ya tsamba osaling'amba. Amachita zimenezi akucheza, maso ali kwina, koma palibe tsamba limene limadutsa ndi minga yake.

Pamoto ndi pamene ndimagoma naye. Madzi amakhala ochepa, owira kale, othira kamchere. Masamba akalowa amawatembenuza ndi mthiko, ndipo akangofota n'kusintha mtundu amawavuula. Wotchi palibe. Chitambe ndi cholimba, chimafuna kukhalitsako. Nkhwani sachedwa kulobodoka. Ukapitiriza muyeso kukoma konse kumatsalira m'madzi, ukafulumiza mfutso wake umadzatuwa n'kumanunkha chiwisi. Kusiyana kwake n'kwa kamphindi chabe, ndipo mayiyu amakuona ndi maso, amakumva ndi mphuno.

Akafinya madzi amayanika mopyapyala pathandala, pomwe mbuzi ndi nkhuku sizingafike, khutu lili kumwamba chifukwa mvula ya nyengoyi siodira. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, popeza dzuwa lamphamvu limawononga mavitamini ena, makamaka pa masamba ngati a chammwamba. Mfutso wouma amauyesa pofikisa m'manja: uzithetheka gwa, osanyumbwira. Ukasungidwa uli ndi chinyontho ngakhale pang'ono, umachita chuku.

Kenako chikwatu. Masamba a msuku ndi aakulu, okhuthala, olimba ngati chikopa, ndipo akauma safulumira kuphwanyika. Amawasanja mopiringizana, lina kuphimba m'mphepete mwa linzake, mfutso n'kuuika pakati, kukulunga mpaka chikhale chobulungira, n'kumanga ndi luzi mopingasa ndi mozungulira. Amasiya kachingwe kopachikira kudenga la khitchini, kumene utsi wa tsiku ndi tsiku umathamangitsa tizilombo ndi kuumitsa chinyezi. Chikwatu chimapuma. Jumbo yapulasitiki, imene ambiri aithamangira masiku ano, imatsekera thukuta m'kati, ndipo ine ndimaona kuti mfutso wake sufika pa wa m'masamba. Pofuna ndiwo sachimasula chonse; amatsegula kampata, kutapa dzanja limodzi, n'kutsekanso. Mwa njira imeneyi banja limadya kuchokera nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba ya Novembala.

Dzanja limodzilo, likanyikidwa m'madzi, limafufuma kudzaza mphika. Pang'ono chidulo kuti lifewe, tomato, kenako nsinjiro, ndiwo zotendera zapsa. Ena amaganiza kuti mfutso ndi ndiwo za osowa, koma amene anaudziwa amaufuna ngakhale rape ali mbwee pamsika. Pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, ogula ochokera m'tauni amautapa, kuununkhiza, kuufikisa, asanafunse mtengo. Mfutso wina umakwera basi mpaka ku Johannesburg, utakulungidwa pakati pa zovala, chifukwa mwana wa kumeneko anaitanitsa khwanya wa amayi ake.