Mkaka wa m'Chitini ndi Mawu a Dotolo Williams

M'chaka cha 1939, mumzinda wa Singapore, mayi wina dotolo, dzina lake Cicely Williams, anaitanidwa kukalankhula kumsonkhano wa bungwe la Rotary, kumene kunasonkhana akuluakulu a malonda. Nkhani yake anaitcha "Milk and Murder", ndiko kunena kuti mkaka ndi kupha. Mutu wotere ndi woopsa, ndipo tifuna kuona ngati unali woyenera kapena mayiyu anapyola muyeso.

Tiyambe tamudziwa mwini mawu. Iye anabadwira ku Jamaica m'chaka cha 1893. M'chaka cha 1929 anatumidwa kukagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero litchedwa Ghana. Kumeneko anaona ana otupa miyendo, a tsitsi lofiira ndi khungu losupuka. Anamvetsera dzina limene eni dziko anali kuitcha nthendayi m'chinenero cha Ga, ndilo kwashiorkor, nthenda ya mwana wochotsedwa pabere chifukwa kwabadwa mnzake. Ife zimenezi sitizidabwa, pakuti makolo athu anali kudzudzula kutumbiza, ndipo anadziwa kuti mwana wotumbidwa sakula bwino. M'chaka cha 1935 Dotolo Williams analemba dzinali m'nyuzi ya madotolo yotchedwa The Lancet, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero.

Atasamukira ku Singapore anapeza tsoka la mtundu wina. Amalonda anali kugulitsa mkaka wa m'chitini wothira shuga, nanena kuti ndi wabwino kwa makanda. Ena anali kutuma atsikana ovala ngati anamwino kuti aziyenda m'makomo ndi kukopa amayi. Kodi mayi wosauka akanatsutsa bwanji munthu wovala zoyera za kuchipatala?

Owerenga anzanga, onani mmene msampha umenewu ugwirira. Chitini ndi chodula, chotero mayi athira madzi ambiri kuti mkaka ukhalitse, ndipo mwana amwa madzi oyera chabe. Madziwo kawirikawiri ndi osawiritsa, botolo nalo ndi lovuta kutsuka, ndipo ntchentche sizilisiya. Mwana ayamba kutsegula m'mimba. Mayi afuna kumbwezera kubere, koma apeza kuti mkaka wachepa, popeza bere lipanga mkaka molingana ndi kuyamwa kwa mwana. Akaleka kuyamwa, nalo lileka. Tsopano mayi uja wamangidwa kusitolo, ndipo ndalama ikatha mwana agona ndi njala.

Ubwino waukulu wa nkhani ya Dotolo Williams uli apa: mlandu anauika pamutu pa wokopa, osati pa wokopedwa. Anauza omvera ake maso ndi maso kuti wofalitsa chiphunzitso chonama cha kadyetsedwe ka makanda ayenera kulangidwa, ndi kuti imfa zoterozo ziwerengedwe monga kupha. Kunena zotere pamaso pa anthu a chuma kunafuna mtima wolimba ndithu.

Zaka zinamchitira umboni, ngakhale mochedwa. M'chaka cha 1981, ku Geneva, msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unavomereza malamulo oletsa kutsatsa mkaka wolowa m'malo mwa bere. Mayiko 118 anavomera, ndipo United States yokha inakana. M'chaka cha 2016 nyuzi ya The Lancet yomwe ija inawerengera kuti ana oposa 800,000 akanapulumuka chaka ndi chaka ngati pafupifupi amayi onse akanayamwitsa monga kuyenera.

Komatu ine ndiona kuti mutu wa nkhaniyi uli ndi chilema. Mawu akuti kupha aopseza, koma saphunzitsa. Mayi sayamwitsa chifukwa cha mantha okha. Afunika kudziwa chuma chimene ali nacho pachifuwa pake. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena aufinyira pansi poyesa kuti ndi woipa, ndiwo utchinjiriza khanda ku matenda. Kwa miyezi 6 mwana safuna china chilichonse, ngakhale madzi kapena phala, ndipo pambuyo pake ayamwebe pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Mayi nayenso apindula: chiberekero chibwerera msanga m'malo mwake, magazi ataya ochepa, mimba ina ichedwerapo, ndipo khansa ya m'mawere imchepera mwayi.

Chilema chachiwiri ndi chakuti mawu olemera akachoka m'kamwa mwa mwini wake agwera amene sanawalakwire. Taganizani za agogo amene alera khanda lamasiye, mayi wake atamwalira pobereka. Kwa iwo mkaka wa makanda wa m'chitini, wokonzedwa ndi madzi owiritsa ndi kumwetsedwa m'kapu yoyera, ndiwo moyo wa mdzukulu. Nkhalamba yotere ikamva kuti chitini ndi kupha, idzachita manyazi kupita nacho kusikelo, ndipo anamwino sadzaona mmene ikusungunulira. Malamulo a 1981 aja anachita mwanzeru pamenepa, pakuti analetsa kukopa, koma sanaletse mkakawo kwa amene aufunadi.

Palinso amene wamalonda sanamkope konse. Ndiye mayi amene alawira kumunda kapena kuntchito ya ganyu, nabwera dzuwa litapendeka, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Khanda liyenera kuyamwa kasanu ndi katatu kapena koposa, usana ndi usiku. Dotolo Williams analoza chala amalonda a ku Singapore, ndipo analoza bwino. Koma funso la amene adzapalira munda ndi kutunga madzi pamene mayi akuyamwitsa silikanayankhidwa ku Rotary, popeza eni ake a yankho ndiwo bambo a mwana ndi abale a pakhomo.